Pepala limodzi la kulabu silikwanira pa matenda a DIC

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzi yanu ndinenepo za matenda amene ambiri sanawamvepo dzina, koma amene anandiphunzitsa kusadalira pepala limodzi la kulabu. Ndine mzamba, ndipo ndinapuma pa ntchito. Matendawa madokotala amawatcha disseminated intravascular coagulation, mwachidule DIC.

Usiku wina tinalandira mayi woyembekezera wa miyezi 8. Mimba inali gwa, yowawa kuikhudza, koma magazi otuluka anali ochepa, akudera. Nsengwa inali itachoka pamalo pake nthawi isanakwane, ndipo mtima wa mwana sunkamvekanso. Tinatumiza magazi kulabu, pepala linabwera likuti mapulateleti, tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aziundana, ali 160,000. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000, choncho tonse mitima inakhala m'malo. Inenso wanga unakhala, ndisaname.

Patapita maola atatu ndinapita kukaona dilipi. Pulasitala yomata kanyula inali itanyowa, magazi akuchucha m'mbali mwa singano. Pamene tinabaya poyamba paja, kathonje kanali kofiira psuu, chonsecho ndinali nditapsinjapo nthawi yaitali. Mkodzo m'thumba unali wochepa, wofiirira. Magazi a pansalu yoyala analibe mibulu, amangoyenderera ngati madzi.

Sisitala wamkulu anangondiuza kuti, "Tengani kachubu kagalasi." Ndinakoka magazi mamililita 2, kuthira m'kachubu kouma kopanda mankhwala, n'kukafumbata m'manja kuti kasazizire. Patapita mphindi 4 ndinakapendeketsa, ndipo ndinabwereza mphindi iliyonse. Njira imeneyi ili m'malangizo a bungwe la WHO a azamba ndi madokotala: magazi akapanda kuundana pakatha mphindi 7, kapena akapanga m'bulu wofewa wongophwanyika, ndiye kuti zinthu zavuta. Magazi a mayi uja anafika mphindi 10 akadali madzi. Titayezanso kulabu, mapulateleti anali atatsika kufika 70,000.

Chosokoneza pa DIC n'chakuti vuto limayamba ndi kuundana kopitirira muyezo. China chake chimautsa mapiri pachigwa m'thupi, magazi n'kuyamba kuundana timibulu ting'onoting'ono m'mitsempha yonse. Timibulu timeneti timatseka njira ya magazi opita ku impso, kumapapo, ku ubongo ndi kunsonga za zala. Pochita zimenezo thupi limamaliza mapulateleti ndi mapulotini oundanitsa magazi, ndiye pakafunika kutseka bala lenileni, zotsekera zimakhala zitatha. N'chifukwa chake wodwala mmodzi yemweyo akhoza kukhala ndi zala zakuda, kwinaku akutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. DIC sabwera yekha. Amatsatira matenda ena: majeremusi akalowa m'magazi, ngozi yaikulu, kupsa ndi moto, malungo aakulu, kulumidwa ndi njoka zina, khansa monga ija ya m'magazi yotchedwa acute promyelocytic leukaemia, ndi mavuto a uchembere ngati a mayi uja.

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumanena kuti ndi DIC kapena ayi. M'chaka cha 2001 bungwe la akatswiri a za kuundana kwa magazi la ISTH linatulutsa njira yowerengera mapointi. Mapulateleti akakhala pakati pa 50,000 ndi 100,000 ndi pointi imodzi, akachepera 50,000 ndi mapointi 2. Nthawi youndanira magazi, imene kulabu amati PT, ikatalika ndi masekondi 3 mpaka 6 ndi pointi imodzi, kuposa 6 ndi mapointi 2. Fibrinogen, imodzi mwa mapulotini oundanitsa magazi aja, ikachepera galamu imodzi pa lita ndi pointi imodzi. D-dimer, imene imaonetsa kuti mibulu ikuphwanyika m'thupi, imapereka 2 ikakwera pang'ono, 3 ikakwera kwambiri. Zonse pamodzi zikafika 5, ndipo wodwalayo ali ndi matenda odziwika kuti amayambitsa DIC, dokotala asazengereze.

Koma apa ndi pamene ndikufuna anzanga amve bwino. Manambala amenewa amanyenga mwa mayi woyembekezera. Kumapeto kwa mimba fibrinogen imakwera yokha kufika magalamu 4 mpaka 6 pa lita, pamene mwa munthu wina imakhala 2 mpaka 4. Ndiye mayi wotaya magazi akapezeka ndi 2, pepala silionetsa chofiira chilichonse, ndipo pa mapointi aja amapeza ziro, chonsecho watha theka la zimene anali nazo. D-dimer nayo imakhala yokwera kale mwa amayi apakati komanso mwa aliyense wochokera kufiyeta. Wodwala chiwindi akhoza kukhala ndi PT yaitali ndi mapulateleti ochepa popanda DIC, ndipo pofuna kusiyanitsa amayeza pulotini ina youndanitsa magazi yotchedwa factor VIII, imene imatsika mu DIC koma pa matenda a chiwindi sitsika. Chimene chimaulula ndi kumene manambala akulowera. Mapulateleti 160,000 madzulo, 70,000 pakati pa usiku: nkhani ili pa kutsikako. Amene wayeza kamodzi n'kusunga pepala mufayilo sangazione.

Ndiwonjezeko kanthu kena kakang'ono kamene kamandiwawa. Kachubu ka chivindikiro cha buluu, koyezera PT, kamayenera kudzazidwa mpaka pamzere, chifukwa muli mankhwala oyezedwa kale. Ukathira theka, zotsatira zimatuluka zabodza, ndipo wakulabu akakabweza timati ndi wovuta. Sali wovuta ayi, akutiteteza.

Mayi uja anapulumuka. Chinamuthandiza kwambiri n'kuchotsa gwero la vuto, kutanthauza kumubereketsa msanga, kwinaku akulandira magazi ndi pulazima, madzi a m'magazi amene muli mapulotini oundanitsa aja. Impso zinatenga masiku kuti ziyambenso kugwira bwino ntchito. Mpaka lero ndimaganizira maola atatu aja amene ndinakhala ndikudalira pepala.

Kwa osamalira odwala ndikuti: mukaona pobayidwa jakisoni pakuchuchabe magazi, timadontho tofiira kapena mabala a buluu pakhungu osadziwika chiyambi, kapena mkodzo wasintha mtundu, uzani namwino nthawi yomweyo, ngakhale anakuuzani m'mawa kuti magazi ali bwino. Ndipo akuluakulu oyang'anira zipatala ndikuwapempha kuti m'chipinda chilichonse choberekera musamasowe timachubu tagalasi topanda mankhwala. Tapulasitiki sitidalirika pa kuyeza kumeneku, ndipo ta chivindikiro cha pepo kapena cha buluu tili ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, choncho m'menemo magazi a munthu wathanzi nawonso sangaundane.

Ndine,
Mzamba wopuma pa ntchito