Kwa Tadala, za nyumba ya ku Njewa ija

Mwana wanga Tadala,

Amalume ako andiuza kuti nyumba ya ku Njewa yangotsala kufolera, malata mwagula kale. Ndinasangalala, usaganize kuti ayi. Koma atawonjezera kuti pepala la puloti lili m'dzina la bambo a Yamikani okha, tulo tinandithawa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula pakamwa, umvekere "amayi mwayambanso."

Eya, ndayambanso. Simenti ija anagula ndani? Ngongole ya kubanki mkhonde akubweza ndani? Pa Khirisimasi unabwera kuno ndi nsapato yong'ambika, ukuti ndalama zonse zikupita ku mabuloko ndi amisiri. Lero ndimve kuti dzina lako palibe paliponse?

Bambo a Yamikani ndilibe nawo chifukwa. Ndi munthu waulemu, ndipo ndikudwala mwendo uja ndi amene ankandinyamula kupita nane kuchipatala. Sindikuopa iwo. Ndikuopa tsiku limene iwo sadzakhalapo kuti akuyankhulire, pamene pakhomo padzadzaze abale awo amene lero sukuwadziwa n'komwe nkhope.

Unali wamng'ono, koma lole ija ukuikumbukira. Bambo ako tisanawaike m'manda, ena anali atawerenga kale mipando. Makina anga a Singer, amene ndinagula ndi ndalama zanga za mandasi, anakwera lole limodzi ndi bedi ndi wailesi. Azakhali ako anabwereranso kudzatenga mbale zimene anaziiwala. Nthawi imeneyo tinkayendera lamulo la 1967, ndipo kuno kwa ife a chikamwini linkapatsa mkazi ndi ana magawo awiri okha mwa asanu, atatuwo n'kupita kwa achibale a mwamuna. Ngakhale awiriwo sitinawaone. Iwe ndi achimwene ako munagona pa mphasa mpaka ndinayambiranso kaunjika kumsika.

Zinthu zinasintha, zimenezo sindikana. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Tsopano oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana. Katundu wa m'nyumba, mipando, mbale, bedi, amatsala ndi wamasiyeyo. Wolanda katundu ali ndi mlandu, ndipo akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 10. Ndaona ndi maso anga likugwira ntchito kuno ku Kawale. Mayi wina wa ku Mvano kwathu alamu ake anamutsekera nyumba, iye anathamangira ku Victim Support Unit, ndipo makiyi anabwezedwa pamaso pa apolisi, alamuwo mitu ili pansi. Tsiku limenelo ndinaganiza za makina anga.

Koma tamvera apa, chifukwa apa ndi pamene pakundiwawa. Lamulo limenelo limateteza mkazi wa malemu. Nanga iwe ndiwe mkazi wawo pamaso pa ndani? Chinkhoswe simunachite. Kutchalitchi simunapite. Kwa a DC simunalembetse. Munangolowana ku Area 25 kuja, ife n'kumangomva kuti mwana wathu anasamuka.

Ndikudziwa yankho lako. Unandiuza kuti lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ngakhale anthu ongolowana. Ndinakafunsa kwa odziwa, ndipo n'zoona. Limavomereza ukwati wa kuboma, wa chikhalidwe, wa kumpingo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja. Koma womalizawu sudziwika wokha ayi. Mpaka khoti linene, ndipo khoti limafuna zaka zosachepera 5, n'kuyang'ananso ngati munkakhaladi nyumba imodzi, ngati pali ana, ngati anthu ankakudziwani ngati banja. Inu zakwana zingati? Yamikani sanayambe n'komwe sitandade 1. Ndipo ngakhale zitakwana, ukufuna kuti uli ndi mpango wamaliro kumutu uzikayenda kukhoti, kufunafuna mboni zoti zikanene kuti unkaphikira munthu nsima? Tsidya linalo kudzakhala abale ake akuti, "Ameneyu sitimudziwa, chinali chibwenzi chabe." Mawu amenewo ndawamvapo akunenedwa pa siwa, mtembo uli pomwepo.

Lamulo lomwelo la 2015 ndi limene linati mtsikana asakwatiwe asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti makolo asamazembere povomereza okha. Amayi ako aang'ono anawachotsa pasukulu ali ndi zaka 15. Iwe unaphunzira, uli pantchito, palibe anakukakamiza. N'chifukwa chake zikundipweteka kuti chitetezo chimene ena anachisowa, iwe ukuchisiya pakhomo ngati si chako.

Pali china chimene simufuna kuti ndizichitchula, koma ndichitchula. Mwana wina uja wa bambo a Yamikani, wa ku Mponela. Lamulo la 2011 silisankha mwana wa m'nyumba ndi wa kunja, onse ndi ana a malemu. Izi n'zabwino, zikuteteza Yamikani yemwe, ndipo mwana salakwa. Koma nyumba ikakhala m'dzina la bambo okha, yonse imalowa m'chuma chogawidwa, simenti yako ili momwemo. Sindikuti mwanayo asadye za bambo wake. Ndikuti asadye za iwe.

Malisiti usunge. Ndikubwerezanso, malisiti usunge, a simenti, a malata, a matabwa, ngakhale a mchenga ngati amalemba. Uthenga wa Airtel Money umene umatumizira mmisiri usamafufute. Ukwati ukatha, Mulungu atalikitse zimenezo, khoti limayang'ana zimene aliyense anaikapo, ndipo masiku ano limawerengera ngakhale ntchito ya pakhomo, kuphika ndi kulera ana. Koma pepala limayankhula msanga kuposa misozi. Uziika m'chikwama chako, kapena ubweretse kuno ndikusungire m'sutikesi ya pansi pa bedi ija.

Za puloti, mukhale pansi awiri, dzina lako lilowe. Kalata ya amfumu yokha musaikhulupirire, mbali ya kumeneko mapuloti amagulitsidwa kwa anthu awiri, aliyense ali ndi kalata yake yodinda. Kuyambira lamulo la malo la 2016 malo a mafumu akhoza kulembetsedwa, ndiye mufunse mmene mungachitire, koma mayina akhale awiri. Ngati munthu amakukondadi, dzina lako pa pepala silingamuwawe. Akakwiya, ndiye kuti wadziwa kanthu kena za iye nyumba isanathe, ndipo bola kudziwa pano.

Wilo nayonso alembe, iwenso ulembe. Anthu amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Bambo ako sanalembe, imfa inawalekerera? Ndi pepala chabe, kusayina pamaso pa mboni ziwiri, basi. Mukasowa poyambira, a Legal Aid Bureau, othandiza anthu pa za malamulo, alipo mu Lilongwe momwemuno. Ndipo fomu ya penshoni ya kuntchito kwawo, ukudziwa analembapo ndani? Amuna ambiri analembapo amayi awo akuyamba ntchito, osasinthanso.

Unganene kuti ndikulosera zoipa. Mwana wanga, ndinakubereka ine, ndimadziwa kuti mtima wako ndi wofewa ngati wa agogo ako, umachita manyazi kufunsa chako. Uli mwana unkapereka mandasi ako kwa anzako iwe n'kubwera ndi njala. Ndimakunyadira, koma pa nkhani iyi manyazi achoke.

Chinkhoswe sichifuna holo, sichifuna mayunifomu kapena DJ. Chimafuna ankhoswe a mbali ziwiri, nkhuku, ndi anthu oti adzanene mawa kuti tinalipo. Phwando mudzachita ndalama zikadzapezeka. Amalume ako akuti kumapeto kwa mwezi uno ali ndi mpata, angofuna kudziwa kuti nkhoswe ya kuchimuna ndi ndani kuti akaonane. Undiyankhe lisanafike Lamulungu, ndipo usanditumizire ka chala kaja pa WhatsApp, undiyankhe ndi mawu.

Ufa ndi nsinjiro ndapatsira achimwene ako. Yamikani umuveke juzi m'mawa, chifuwa chija chisabwerere.

Ndine mayi ako.