Tiziyesa ana poona zimene akutha kuchita

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe tikuyesera ana m'sukulu zapulayimale, makamaka kuno ku Ntcheu komwe ndimaphunzitsa.

Silabasi ya PCAR (ndondomeko yosintha maphunziro ndi kayesedwe ka ana m'sukulu zapulayimale), yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2007, imafuna kuti mwana aziyesedwa pafupipafupi pamene akuphunzira, osati kudikira mayeso a kumapeto kwa teremu okha. Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo, pakuti mu 2002 akatswiri a ku Malawi Institute of Education, bungwe lokonza masilabasi ku Domasi, adayesera njirayi m'sukulu zina za boma lino. Chodandaulitsa n'chakuti ambirife tidasandutsa kuyesa kwa pafupipafupiku kukhala timayeso tolemba ta Lachisanu lililonse, ndipo malikisi akalowa m'kaundula nkhani imathera pomwepo.

Taganizirani mwana wa Sitandade 5 amene Loweruka amathandiza mayi ake kugulitsa kachewere ndi tomato pamsika wa Lizulu, nabweza chenji osaphonya, koma akapatsidwa pepala la masamu lolembedwa m'Chingerezi amangoluma cholembera. Mnzake amawerenga funso bwinobwino, koma kuchotsera kobwereka kumamusokoneza. Onse awiri amalephera mofanana papepala, ndipo mphunzitsi amawaika m'gulu limodzi la ana obwerera m'mbuyo, chonsecho mavuto awo ndi osiyana. Mphunzitsi akakonza kagolosale pakona ya kalasi, zitsekerero za mabotolo zikhale ndalama, mapaketi opanda kanthu akhale katundu, n'kuuza aliyense kuti agulitse, amadziwa msanga kuti woyambayo akusowa mawu a Chingerezi pomwe wachiwiriyo akufunika kubwerera ku mitolo ya timitengo towerengera. Apa m'pamene chithandizo chimapita poyenera. N'chimodzimodzinso phunziro la ulimi: mwana amene angalembe tanthauzo la manyowa si yemweyo nthawi zonse amene angaunjike mulu wa kompositi kudimba la sukulu.

Aphunzitsi anzanga amati zimenezi sizingatheke m'kalasi ya ana oposa 100, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka ndithu. Komabe palibe lamulo loti ana onse ayesedwe tsiku limodzi. Gulu limodzi likhoza kuonetsa luso lake lero pamene ena akulemba ntchito, mphunzitsi n'kumachonga m'kope zimene aliyense watha.

Chimene chimatifooketsa kwenikweni ndi mayeso a Sitandade 8. Malinga ngati kusankhidwira kusekondale kukudalira pepala la MANEB, bungwe loyendetsa mayeso a boma, makolo ndi mahedi adzapitiriza kuona kuyesa kwa mtundu wina uliwonse ngati kutaya nthawi. Ndikupempha unduna wa zamaphunziro uganizire zoti gawo lina la malikisi lizichokera ku ntchito zimene mwana wachita pamaso pa mphunzitsi, ndipo alangizi a m'mazoni apatsidwe udindo wofananiza kachongedwe ka sukulu zosiyanasiyana kuti pasakhale kukondera.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Ntcheu