Foni ya mabatani inanditsekera kunja masiku atatu, opanga akuti ndiifomate

A Mkonzi,

Ndalemba kalatayi nditawerenga nkhani imene munasindikiza posachedwapa yoyamikira mafoni ang'onoang'ono okhala ndi kiyibodi ya mabatani, amene ayambanso kuoneka patapita zaka zambiri anthu akungotsetsereza zala pagalasi. Mlembi wanu ananena kuti foni yotere imakwana bwino m'thumba ndiponso kuti munthu amalemba nayo mosalakwitsalakwitsa, ndipo zimenezi sindikuzitsutsa. Chimene chandiwawa n'chakuti nkhaniyo inalembedwa ndi munthu amene anaigwira foniyo masiku owerengeka chabe, pamene ife amene tinapereka ndalama zathu foniyo isanapangidwe n'komwe, n'kudikira miyezi 7 kuti itipeze, tili ndi zina zoti tinene zimene sizinamveke m'nkhani yanu.

Lachinayi lina usiku foni yanga inandiuza kuti kwabwera apudeti yochokera kwa opanga, yoti ikonze mavuto a kiyibodi. Ndinavomera mosangalala, pakuti mavutowo analipodi. Foni inazima, inayakanso, kenako inapempha pasiwedi monga imachitira nthawi zonse ikangoyaka. Pasiwedi yangayo ili ndi chizindikiro cha %, chimene sichinalembedwe pa batani lililonse la foniyo, ndipo masiku onse ndinkachipeza podina batani la Sym, limene limatulutsa kabokosi ka zizindikiro m'munsi mwa sikirini. Usiku umenewo ndinadina Sym koma palibe chimene chinatuluka. Ndinadinanso mwamphamvu, ndinalisindikiza kwa nthawi yaitali, ndinaliphatikiza ndi Alt, ndinaliphatikiza ndi Shift, kabokosiko osabwera ayi. Ndinayamba kuyesa batani lililonse palokha ndi chiyembekezo chakuti mwina chizindikirocho chabisala penapake, koma poti pasiwedi imaoneka ngati timadontho, sindinkadziwa n'komwe chimene ndalemba. Nditaphonya kasanu foni inandiimitsa kwa masekondi 30, ndipo ndinakhala pamphepete pa bedi ndikuyang'ana manambala akutsika pasikirini, foni imene ndinaigula chifukwa cha mabatani ake ili m'manja mwangamu, itandikaniza kulowa chifukwa cha batani limodzi.

Wina angafunse chifukwa chimene sindinagwiritsire ntchito kiyibodi ya pasikirini. Yankho n'lakuti Android ikaona kuti pali kiyibodi ya mabatani imabisa ya pasikirini, ndipo malo osinthira zimenezi ali mkati mwa foni momwemo, kuseri kwa pasiwedi imene ndinkalephera kulembayo.

Kwa masiku atatu foniyo inali ngati mwala. Inkalira munthu akaimba, koma inkangoonetsa manambala opanda mayina, moti ndinayankha mkulu wanga wa kuntchito ngati mlendo. Mkati mwake munali zolemba zanga za miyezi iwiri zimene ndinali ndisanazisungire kwina, komanso pulogalamu imene imandipatsa manambala otsimikizira polowa mu imelo. Ndinabwereka kompyuta ya mnzanga n'kulembera kampani imene inapanga foniyo, ndipo ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane: tsiku la apudeti, chizindikiro chimene chikusowa, ndi zonse zimene ndinayesa. Yankho linabwera patapita masiku atatu, mizere iwiri yokha. Anapepesa chifukwa cha "kusokonezeka kulikonse", n'kundilangiza kuti ndiifomate foniyo kuti ibwerere mmene inalili pochoka kufakitale.

A Mkonzi, apa m'pamene mtima wanga unapsa, ndipo mpaka lero sunazizire. Kufomata foni ndiko kufufuta chilichonse chimene chili m'menemo. Munthu amene analemba yankho limenelo anawerenga kuti pasiwedi yanga ndikuidziwa, anawerenga kuti vuto linayamba ndi apudeti ya kampani yake yomwe, komabe anaona kuti n'koyenera kuti ine nditaye zolemba zanga kuti ndilipire kulakwitsa kwa iwo. Kuli ngati mmisiri amene wakuikira loko wokanika kutsekuka, ndipo ukamudandaulira akuuza kuti ugwetse nyumba n'kumanga ina. Choipitsitsa n'chakuti malangizowo akanandigwetsera m'dzenje lina, chifukwa kuyambira pa Android 5.1 foni ikafomatidwa mwa njira imeneyi imafuna kuti ulowe mu akaunti ya Google imene inalimo kale, pofuna kuteteza mafoni obedwa, ndipo nambala yotsimikizira akaunti yangayo ndinkaipeza m'foni imene ankandiuza kuti ndiifufuteyo. Kodi munthu wolembedwa ntchito yothandiza ogula mafoni a Android angakhale wosadziwa zimenezi? Ngati sakuzidziwa, anamuika bwanji pampando umenewo? Ngati akuzidziwa, ndiye kuti anangofuna kuti ndimuchoke.

Amene anandipulumutsa ndi munthu amene sindikumudziwa nkhope, wogula mnzanga amene anakumana ndi vuto lomweli tsiku lomwelo. Iye anandiuza kuti ndipeze kiyibodi wamba ya kompyuta ndi kachipangizo kakang'ono ka OTG, kamene kamalumikiza chingwe cha USB cha kiyibodiyo ndi bowo lochajira foni. Ndinatero. Ndinalumikiza kiyibodi yaikulu yafumbi ku kafoni kokwana m'chikhatho, ndinalemba zilembo za pasiwedi, ndinadina Shift ndi 5 pamodzi, ndipo foni inatseguka, zolemba zanga zonse zilimo. Ntchito yonseyo sinakwane mphindi ziwiri. Njira imeneyi si yachinsinsi, amisiri okonza mafoni osweka magalasi amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma kampani imene inapanga foniyo sinaitchule n'komwe, ndipo nditailembera kuiuza mmene ndatsegulira sinandiyankhenso.

Chimene chinayambitsa vutoli, malinga ndi mmene ogula anzanga odziwa za mapulogalamu anachifufuzira, ndi chinthu chimene aliyense wopanga foni ya Android ayenera kuchidziwa. Kuyambira pa Android 7.0, imene inatuluka mu 2016, pali dongosolo lotchedwa Direct Boot. Foni ikangoyaka, mwini wake asanalembe pasiwedi koyamba, zinthu zake zimakhala zotsekedwa, ndipo mapulogalamu amene amaloledwa kugwira ntchito panthawi imeneyo ndi okhawo amene analembedwa mwapadera kuti azitero, monga alamu. Kabokosi ka zizindikiro kamene Sym amatulutsa ndi mbali ya pulogalamu ya kiyibodi, choncho pulogalamuyo ikapanda kudzuka nthawi imeneyi, Sym amasanduka batani lakufa. Google inalemba zonsezi poyera m'malangizo ake a anthu opanga mapulogalamu, ndipo zakhala zilipo kwa zaka. Injiniya mmodzi yekha, akanaika pasiwedi yokhala ndi chizindikiro pafoni imodzi n'kuizimitsa kamodzi apudetiyo isanatumizidwe, akanaligwira vutoli asanamwe n'komwe tiyi wa m'mawa. Sanatero, ndipo ntchito yoyesa anaisiyira ife amene tinalipira.

Ndikudziwa zimene ena anganene, pakuti andiuza kale: walira mvula walira matope, wogula chinthu chatsopano kukampani yaing'ono ayenera kuyembekezera zophonya. Mwambiwu ndikuudziwa, koma pano sukugwira. Ndikanapirira kamera yosaoneka bwino kapena sipika yosamveka, chifukwa sindinagule foniyi kaamba ka zimenezo. Koma kiyibodi ndiye chifukwa chokhacho chimene foniyi ikupezekera padziko, ndipo kuika mabatani pafoni si luso latsopano limene anthu akuphunzira lero. Nokia 9000 Communicator inatuluka mu 1996, Nokia E71 mu 2008, ndipo BlackBerry inakhala zaka zambiri ikupanga mafoni amene anthu ankalembera makalata athunthu osayang'ana n'komwe zala zawo. Chimene chasintha n'chakuti ife okonda mabatani tilibenso kolowera. Kampani ya TCL inasiya kupanga mafoni a dzina la BlackBerry mu 2020, pa 4 January 2022 BlackBerry inazimitsa ntchito zimene mafoni ake akale ankadalira, ndipo foni yatsopano ya mabatani imene kampani ya OnwardMobility inalonjeza sinatuluke, ntchitoyo inathetsedwa mu February chaka chomwecho. Opanga amene atsala akudziwa kuti tikakwiya tilibe kothawira, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake amayankha munthu ndi mizere iwiri patapita masiku atatu.

Popeza ndayamba kale, ndiloleni nditchulenso za nkhodolero, imene mlembi wanu sanaiganizire. Wolemba Chichewa sangamalize ziganizo ziwiri osaifuna: m'nyumba, ng'ombe, n'chifukwa, pang'ono. Pafoni imeneyi nkhodolero imapezeka podina Alt ndi batani lina, zomwe n'zopiririka, koma mu mapulogalamu ena Alt amakakamira, moti ukalemba nkhodolero zilembo zotsatira zimasanduka manambala ndi zizindikiro, ndipo mawu akuti pang'ono amathera m'zinthu zosawerengeka. Pulogalamu yokonza mawu nayo imaona nkhodolero ngati malire a liwu, n'kuyamba kusintha zidutswazo kuti zikhale Chingerezi. Chilembo cha ŵ, chimene chilipo mu Unicode, mndandanda wa zilembo zimene makompyuta ndi mafoni amazizindikira, ndipo chimagwiritsidwanso ntchito m'chilankhulo cha ku Wales, sindinachipeze paliponse pakiyibodiyo, ndimachita kuchikopera kwina. Android ili ndi mafayilo amene amalongosola chimene batani lililonse liyenera kutulutsa, ndipo kuwakonza si ntchito ya chaka, koma ndi ogula anzanga amene akuchezera usiku kupanga mapulogalamu othandizira zimenezi mwaulere, kampani ili chete.

Palinso sikirini. Mafoni ambiri masiku ano ndi aatali, kutalika kwake kumaposa kawiri m'lifupi mwake, ndipo olemba mapulogalamu amaganizira amenewo. Foni ya mabatani imakhala ndi sikirini yaifupi, pafupifupi yofanana mbali zonse, choncho m'mapulogalamu ena batani lovomereza limakhala pansi pamene sungalione kapena kulifikira. Vuto limeneli linadziwika kale pa BlackBerry Passport ya mu 2014, imene sikirini yake inali yofanana mbali zonse, ndipo wopanga foni yotere lero sanganene kuti lamudzidzimutsa. Ndiye pali dongosolo losunga moto wa batire limene limapha mapulogalamu a mauthenga mwakachetechete, moti uthenga wotumizidwa m'mawa umalira masana ukatsegula pulogalamuyo. Kuti zimenezi zithe uyenera kulowa m'malo atatu osiyana n'kuchotsa pulogalamu iliyonse payokha pamndandanda, ndipo kabuku kamene kanabwera m'bokosi sikanena kanthu za izi.

Zachitetezo ndiye zikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Google imatulutsa zigamba zachitetezo za Android, maapudeti otseka mipata imene akuba angalowere m'foni, mwezi ndi mwezi kuyambira mu 2015, koma foni yanga, ngakhale italandira apudeti imene inanditsekera kunja ija, ikuonetsabe tsiku la chigamba la miyezi yambiri yapitayo. Mayiko a mu European Union anaona kale kuti zoterezi sizingasiyidwe m'manja mwa opanga okha. Malamulo awo amene anayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022 amapatsa wogula chitsimikizo cha zaka zosachepera ziwiri ndipo amafuna kuti katundu woyendera mapulogalamu azilandira maapudeti oyenera, ndipo kuyambira pa 20 June 2025 mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko ayenera kulandira maapudeti kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene asiya kugulitsidwa. Ngati opanga malamulo akuona kuti pulogalamu ndi mbali ya katundu amene munthu wagula, kampani ilibe chifukwa choonera apudeti yowononga ngati tsoka la wogula.

Foniyi ndikuigwiritsabe ntchito, ndipo kalata inoyi ndailembera pomwepo, chifukwa zala zanga zimafuna batani limene limabwerera ukalidina. N'chifukwa chake zikundipweteka kuona chinthu chabwino chikuonongedwa ndi kusasamala. Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mlembi wanu akapatsidwanso foni yotere aisunge mwezi wathunthu, ailandiritse apudeti, aizimitse n'kuiyatsanso, alembere othandiza ogula ngati munthu wamba n'kutiuza zimene amuyankha. Kwa opanga ndikupempha kuti aike kiyibodi ya pasikirini pamalo olembera pasiwedi, ndiponso aletse antchito awo kutchula kufomata asanayese njira zina. Owerenga amene ali kale ndi foni yotere asinthe pasiwedi kuti ikhale ndi zilembo ndi manambala okhawo amene akuoneka pamabatani, ayatse kiyibodi ya pasikirini, asungire zolemba zawo kwina, ndipo asavomere apudeti iliyonse alibe kachipangizo ka OTG pafupi.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse,
Mmodzi wa ogula oyamba