Makampani ochoka ku Myanmar asiyira ndani chuma chawo?

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya makampani akunja omwe anali ndi malonda ku Myanmar pomwe asilikali analanda boma pa 1 February 2021. Ambiri amaganiza kuti kampani ikalongedza n'kuchoka ndiye kuti yasamba m'manja. Ife tikuti ayi. Tizifunsa kuti zomwe yasiya zagwera ndani.

Taonani ntchito yokumba gasi ku Yadana, m'nyanja ya ku Myanmar. TotalEnergies ya ku France inali ndi magawo pafupifupi 31 pa 100, Chevron ya ku America 28, PTTEP ya ku Thailand 25.5, ndipo MOGE, kampani ya boma yomwe tsopano ili m'manja mwa asilikali, inali ndi 15. TotalEnergies itachoka mu July 2022, gawo lake linagawidwa kwa otsalawo, la MOGE n'kukwera kufika pafupifupi 22. Chevron itatsatira mu 2024, la MOGE linakweranso. Mapaipi sanatsekedwe. Gasi akupitabe ku Thailand, ndalama n'kumalowa m'thumba la omwe akuponya mabomba m'midzi.

Za Telenor ya ku Norway ndiye zowawa kwambiri. Inagulitsa kampani yake ya mafoni kwa M1 Group ya ku Lebanon pa madola 105 miliyoni, koma magawo ambiri anakathera kwa Shwe Byain Phyu, kampani ya ku Myanmar. Pamodzi ndi netiweki panapitanso kaundula wa makasitomala pafupifupi 18 miliyoni: uyu anaimbira uje, tsiku lakuti, ali dera lakuti. M'dziko lomwe munthu amamangidwa chifukwa chochita zionetsero, kaundula wotere ndi msampha.

Cholakwika chimayambira pa tsiku losaina mgwirizano, pomwe aliyense maso ali pa phindu. Mgwirizano uzinena poyera kuti boma likalandidwa ndi mfuti, ndalama za boma zizisungidwa ku akaunti yapadera kunja mpaka ulamuliro wa anthu utabwerera. Uzinenanso kuti gawo la wochoka lisapite kwa kampani ya asilikali. Makampani a mafoni asamasunge mbiri ya makasitomala nthawi yaitali, chifukwa chomwe chafufutidwa msilikali sangachilande.

Ndipo mnzako wa malonda umamufufuza usanagwirane naye chanza. Kirin ya ku Japan inalowa m'malonda a mowa ndi MEHL, kampani ya ku Myanmar, mu 2015, chikhalirecho zinali zodziwika kuti eni ake ndi asilikali. Lipoti la United Nations la 2019 linatchula MEHL ndi dzina. Kirin inadikirabe mpaka boma litalandidwa kuti ilengeze zothetsa ubalewo.

Owerenga anu okhudzidwa