Kalata Yotseguka kwa Nduna Yoona za Magetsi ndi Madzi: Yang'anirani Amene Amavomereza Mitengo

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani ngati mmodzi mwa anthu amene amalipira magetsi ndi madzi mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani yanga ndi ya bungwe limene lamulo linalipatsa mphamvu zovomereza kapena kukana mitengo imene makampani opereka zinthu ziwirizi amapempha. Mitengo ikakwera, yankho limene timamva kuchokera ku boma ndi lakuti bungwelo ndi loima palokha, kotero unduna sungalowererepo. Yankholi ndi loona mbali imodzi, ndipo sindikupempha kuti inuyo muzitchula mtengo wa yuniti imodzi ya magetsi. Pempho langa ndi lakuti boma, limene limasankha makomishonala a bungweli ndiponso kubweretsa ku Nyumba ya Malamulo malamulo amene bungwelo limayendera, lisamasambe m'manja likafunsidwa kuti kodi bungwelo likugwira ntchito yake mokomera ndani.

Munthu akaona kuti wogulitsa wina wakweza katundu, amapita kwa wina. Pa magetsi ndi madzi njira imeneyi palibe, chifukwa nyumba imodzi siilumikizidwa ku mawaya a makampani awiri kapena ku mapaipi awiri, ndipo kuyala mapaipi kawiri mumsewu umodzi kungakhale kutaya chuma. Bungwe loyang'anira mitengo linakhazikitsidwa kuti ligwire ntchito imene mpikisano ukanagwira, ndipo likagona, wogula alibe kothawira.

Kawerengedwe ka mtengo si kovuta monga momwe timauzidwira. Kampani imanena ndalama zimene ikufuna pachaka, kuphatikiza malipiro a antchito, mafuta, mankhwala othira m'madzi, kukonza zowonongeka, kutha kwa zipangizo, komanso phindu pa chuma chimene inalowetsa m'makina, m'mawaya ndi m'mapaipi, ndipo zonsezi zimagawidwa ndi kuchuluka kwa mayunitsi amene ikuyembekezera kugulitsa. Mu 1944, pa mlandu wa kampani ya Hope Natural Gas, khoti lalikulu la ku United States linanena kuti mtengo wachilungamo umapezeka poyeza zofuna za oika ndalama pamodzi ndi za ogula, ndipo kuti kampani iyenera kupeza zokwanira kuti obwereketsa ndalama aziikhulupirira. Mfundoyi ndi yabwino, koma ili ndi chibowo chimene akatswiri a zachuma awiri, Harvey Averch ndi Leland Johnson, anachionetsa mu 1962: ngati phindu likuwerengedwa potengera kukula kwa chuma chimene kampani yalowetsa, kampaniyo imakopeka kugula ndi kumanga zodula kuposa zofunikira, popeza chilichonse chimene yamanga chimaiwonjezera phindu. Pofuna kutseka chibowochi, katswiri wa zachuma wa ku Britain, Stephen Littlechild, anabweretsa njira ina mu 1983, yoika malire a kukwera kwa mtengo kwa zaka zingapo kuti kampani izipindula ikachepetsa zowononga, koma nayonso ili ndi vuto lake, chifukwa kampani ikhoza kuchepetsa zowononga posiya kukonza zinthu. Njira zonse ziwiri zimadalira chinthu chimodzi, chimene ndi bungwe lotha kukayikira manambala amene lapatsidwa.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga. Manambala onse ali m'manja mwa kampani. Ndi kampani imene imadziwa kuchuluka kwa madzi otayika m'mapaipi obooka asanafike pa mita ya munthu, kuchuluka kwa magetsi obedwa, mtengo umene inagulira mathiransifoma, ndiponso ngongole za mabilu zimene mabungwe akuluakulu, kuphatikizapo maofesi a boma, sanalipire. Bungwe likangolandira manambala amenewa osawafufuza, zotayika zonsezi zimakathera pa bilu ya munthu amene amalipira mokhulupirika. Mayi amene amaima pa mita yake madzulo, n'kuona kuti mayunitsi amene anagula ndi ndalama zomwezo za mwezi watha atha masiku anayi msanga, n'kuzimitsa babu la pakhonde kuti ana amalize kuwerenga, akulipirira limodzi, pa mabilu ake a magetsi ndi madzi, paipi imene yakhala ikutaya madzi mumsewu kwa milungu itatu ndi ofesi imene sinalipire bilu chaka chonse. Iye sanaboole paipiyo, ndipo alibe mphamvu yokatolera ngongoleyo.

Ndinakhalapo pa msonkhano wina womva maganizo a anthu pa pempho lokweza mitengo. Kutsogolo kunakhala akuluakulu a kampani, maloya awo ndi akatswiri owerengera ndalama, aliyense ndi kompyuta yake ndi mafayilo okhuthala. Ife tinakhala kumbuyo, ambiri titangogwira mabilu athu opindapinda. Chikalata cha pempholo, chamasamba ambirimbiri, tinachiona koyamba tsiku lomwelo, ndipo bambo wina wachikulire ataimirira kufunsa chifukwa chake akulipira mwezi wathunthu pamene mpopi wake umatulutsa madzi usiku wokha, anamuthokoza mwaulemu n'kulemba dzina lake. Chigamulo chitatuluka, funso lake silinayankhidwe paliponse. Lamulo linakwaniritsidwa, popeza anthu anaitanidwa ndipo anayankhula, koma sindikhulupirira kuti mawu athu anasintha nambala ngakhale imodzi.

Kusiyana mphamvu kotereku kuli ndi mankhwala ake. Ku United States, zigawo za Wisconsin mu 1979 ndi Illinois mu 1983 zinakhazikitsa mwalamulo mabungwe oimira ogula, okhala ndi maloya ndi akatswiri awoawo, amene ntchito yawo ndi kutsutsa mapempho a makampani pamaso pa oyang'anira mitengo. Ofesi yotere, yokhala ndi ufulu woona mabuku a kampani ndiponso wokadandaula ku khoti, ndi chinthu chimene unduna wanu ungachibweretse ku Nyumba ya Malamulo popanda kukhudza ufulu wa bungwe loyang'anira mitengo.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya anthu amene amakhala m'bungwelo. Mu 1971, katswiri wa zachuma George Stigler analemba kuti mabungwe oyang'anira malonda nthawi zambiri amatha n'kugwidwa ndi makampani omwewo amene amayenera kuwayang'anira. Sizichita kufuna ziphuphu nthawi zonse. Akatswiri a magetsi ndi madzi ndi ochepa, anaphunzira limodzi, amakumana m'misonkhano imodzimodzi, ndipo komishonala amene akudziwa kuti nthawi yake ikatha akakafuna ntchito ku kampani yomweyo sangaifinye kwambiri. Koma ziphuphu nazo zimachitika. Ku Ohio, chigawo china cha United States, lamulo la mu 2019 linalamula ogula magetsi kuti azilipira ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola zopulumutsira malo awiri opangira magetsi a nyukiliya, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti kampani ya FirstEnergy inathira ndalama pafupifupi 60 miliyoni ya madola kuti lamulolo lidutse. Sipikala wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, Larry Householder, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 20 mu 2023. Kampaniyo inavomerezanso kuti inapereka 4.3 miliyoni ya madola kwa munthu amene posakhalitsa anasankhidwa kukhala wapampando wa bungwe loyang'anira mitengo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo nthawi yomuletsa ndi pamene asanakwerepo. Nthawi imeneyo ili m'manja mwanu, a Nduna, chifukwa ndi boma limene limasankha. Mayina a ofuna udindowu azilengezedwa, aphungu aziwafunsa mafunso poyera, chuma chawo ndi ubale wawo ndi makampani zizidziwika, ndipo pazikhala nthawi yoikika imene komishonala wopuma sangalembedwe ntchito ndi kampani imene ankaiyang'anira.

Kulephera kwina kumabwera pang'onopang'ono, popanda womangidwa. Makampani a madzi a ku England ndi Wales anagulitsidwa ndi boma mu 1989 alibe ngongole, ndipo bungwe la Ofwat linaikidwa kuti liziwayang'anira. Patapita zaka zoposa makumi atatu, makampaniwo anali ndi ngongole zoposa 60 biliyoni ya mapaundi, atagawira eni masheya phindu lochuluka, uku zonyansa zikutayikira m'mitsinje. Mu Disembala 2024 Ofwat inavomereza kuti mabilu akwere ndi 36 peresenti m'zaka zisanu, ndipo mu Julayi 2025 boma linalengeza kuti lithetsa bungwelo. Ngongolezo sizinabisike, zinali m'mabuku chaka ndi chaka. Chimene chinachedwa ndi munthu waudindo wofunsa bungwelo chifukwa chake likuzilekerera.

Ndisanamalize, ndinene za mbali inayo, chifukwa ndikudziwa kuti kalata ngati ino ingamveke ngati pempho lakuti mitengo isakwere konse. Sichoncho. Boma likaumiriza bungwe kuti lisakweze mitengo chisankho chikayandikira, kampani imasiya kukonza makina, imakongola, magetsi amayamba kuthimathima, ndipo kukwera kumene kunazengerezedwa kumadzabwera nthawi imodzi. Amene amavutika kwambiri ndi wosauka, popeza wolemera amagula jenereta kapena sola n'kukumba chitsime chake. Bungwe lolimba limatha kukana popanda kulamulidwa ndi nduna: mu Januwale 2025, kampani ya Eskom ya ku South Africa itapempha kukweza ndi 36 peresenti, bungwe loyang'anira mitengo la NERSA linavomereza 12.7 peresenti yokha. Ngati boma likufuna kuteteza osauka, lili ndi njira yoyera, yoika mtengo wotsika pa mayunitsi oyambirira a mwezi n'kunena poyera amene akulipirira kuchotserako, m'malo moimba foni usiku kwa wapampando wa bungwe.

Choncho ndikupempha kuti, pempho lina lokweza mitengo lisanamvedwe, unduna wanu ubweretse kusintha kwa malamulo kolamula kuti pempho lililonse lizisindikizidwa lonse nthawi ikadalipo, pamodzi ndi chidule chake m'zilankhulo zimene ogula amayankhula, ndiponso kuti chigamulo chizifotokoza ndalama zimene zavomerezedwa, zimene zakanidwa ndi zifukwa zake. Malonjezo amene kampani inapereka pa kukwera kwapitako, monga kuchepetsa madzi otayika kapena maola a mdima, aziyezedwa kaye, ndipo kampani ikalephera, chilango chizichoka pa phindu lake osati m'thumba la ogula. Mkulu wolondoloza ndalama za boma aziunika ntchito ya bungwelo, ndipo makomishonala azikaonekera kwa aphungu chaka chilichonse pa msonkhano umene atolankhani ndi anthu wamba angalowemo. Ndingayamikire yankho lanu litaperekedwa poyera, monga momwe kalatayi yalembedwera, likunena zimene mwavomereza ndi tsiku limene mudzazibweretse ku Nyumba ya Malamulo.

Ine wanu mwaulemu,
Mmodzi mwa olipira mabilu a magetsi ndi madzi