Kalata kwa Nduna ya Zokopa Alendo ku Zambia: za chinyumba cha Shiwa Ng'andu

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani za chinyumba cha Shiwa Ng'andu, chija chili pakati pa Mpika ndi Chinsali, chakumadzulo kwa msewu wa Great North Road. Pempho langa silakuti boma lichigule. Ayi ndithu. Nyumba zakale zimene zinagwera m'manja mwa boma tonse timaziona mmene zilili, ndipo iyi ili ndi eni ake amene akuisamala. Chimene chikundivuta ndi mbiri imene alendo amamva akafika kumeneko, chifukwa ndi ya munthu mmodzi.

Munthuyo ndi Stewart Gore-Browne, msilikali wa ku England amene anabwera kuno mu 1911 kudzalemba malire a Northern Rhodesia ndi Belgian Congo. Mu 1914 anaona nyanja ya Ishiba Ng'andu, mtima wake n'kukhazikika pomwepo, ndipo anagula maekala 10,000 pa mashiling'i awiri ekala imodzi. Nthawiyo dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse inamuchedwetsa, koma mu 1920 anabwerera, ndipo pofika 1932 chinyumba chosanja cha njerwa zofiira chinali chitaima pakati pa tchire, chokhala ndi nsanja, tchalitchi chake ndi laibulale.

Tsono taganizani, a Nduna. Njanji yapafupi inali pa mtunda wa makilomita oposa 600. Njerwa iliyonse inaumbidwa pomwepo: wina anakumba dothi, wina anaponda matope, wina anatema nkhuni n'kugona pa uvuni usiku wonse akusonkheza moto. Matailosi a padenga, mitanda, zitseko, zonse zinatuluka m'manja mwa Abemba a m'midzi yozungulira, ambiri a iwo atangophunzira ntchitoyo pamalopo. Katundu wolemera amene sakanapangika kumeneko anabwera pangolo za ng'ombe ndi pamitu ya amtengatenga. Anthu amenewa anali mazanamazana. Mlendo wa lero angatchule angati?

Sindikunyoza mwini nyumba. Anamanga sukulu ndi chipatala, analowa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya nthawi ya atsamunda, mu 1935, ndipo azungu anzake ambiri akukakamira ulamuliro, iye anaima ndi Kenneth Kaunda ndi chipani chake cha UNIP. Atamwalira mu 1967 anaikidwa mwaulemu wa boma paphiri loyang'ana nyanja ija, Kaunda ali pomwepo. Koma ndi yemweyonso amene antchito ake anamutcha Chipembere chifukwa cha ukali, ndipo dzanja lake silinkachedwa kutsika pa wantchito. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo amene akanafotokoza bwino za mbali yachiwiriyi sanafunsidwe mokwanira.

Chinyumbachi sichinabweretse phindu lenileni. Mafuta onunkhira ochokera ku mitengo ya ndimu ndi malalanje ndiwo anachigwiriziza kwa kanthawi, mpaka matenda anapha mitengoyo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1992 mwana wamkazi wa Gore-Browne ndi mwamuna wake, amene ankayang'anira malowa, anaphedwa ndi achiwembu pafamu yawo ku Chisamba. Zitatero denga linayamba kudontha, chinyontho chinalowa m'zipupa, maluwa a pabwalo anasanduka thengo. Ndi mdzukulu wa Gore-Browne amene anachidzutsa cha m'ma 2000, ndipo lero chimalandira alendo ogona. Pa ntchito imeneyo tiwayamike.

Koma denga likhoza kukonzedwa chaka chilichonse ndalama zikapezeka. Nkhalamba ikapita, yapita nazo. Oumba njerwa aja anatha kale, koma ana awo alipo, ena anabadwira m'chipatala cha pomwepo, ena anaphunzira pasukulu yake, ndipo akudziwa amene anali kapitawo, amene anali kalipentala, malipiro mmene ankabwerera, ndi nyimbo zimene zinkaimbidwa posenza mitanda. Nawonso akukalamba.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mutume a National Heritage Conservation Commission, pamodzi ndi ophunzira mbiri a ku University of Zambia, apite kukakhala ndi anthu amenewa, ajambule mawu awo m'Chibemba chawo, osati kudzera mwa womasulira wothamangira basi. Mukambiranenso ndi banjali kuti makalata ndi mabuku akale a pamalopo ajambulidwe, makope ake akasungidwe ku National Archives ku Lusaka, chiswe ndi chinyontho zisanayambe zawerenga. Maina a antchito akapezeka m'menemo, alembedwe pamwala pakhomo, poti aliyense wolowa awaone.

Ndipo ana a sukulu a m'boma la Shiwang'andu, amene agogo awo anamanga chinyumbachi, muwapezere galimoto ndi tsiku lawo loti akachione mkati. Ndalama ya zimenezi ndi yochepa poyerekeza ndi imene imapita ku msonkhano umodzi wa ku hotela.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, Chipata