Ntchito za pa intaneti zifike pa kafoni ka mabatani

A Mkonzi,

Ndiloleni nditsutse mawu amene ndimawamva kawirikawiri, akuti anthu a m'makomboni a Lusaka sanakonzeke kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono. Onena zimenezi alawirire ku Soweto Market pamene magalimoto a tomato ndi kabichi akutsitsa katundu. Adzaona mayi wopikula akumasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kafoni ka mabatani komangidwa ndi labala chifukwa chivundikiro chinathyoka. Amadina manambala osayang'ana kawiri, mlimi amamva foni yake ikulira, malonda atha. Mayi ameneyu sanalowepo m'kalasi ya makompyuta. Anaphunzira Airtel Money kapena MTN MoMo chifukwa kuyenda ndi mpukutu wa ndalama m'minibasi n'kuika moyo pachiswe, komanso amake kumudzi ku Katete amafuna ya feteleza tsiku lomwelo, osati kudikira wachibale wokwera basi ku Intercity.

Dziko lathu silinachedwe pa nkhaniyi. Mu 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inatilumikiza ku intaneti maiko ambiri a mu Africa asanaione. Lero timagula mayunitsi a ZESCO tili pamphasa, ndipo kuchokera mu 2023 Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, ikugwira ntchito m'dziko muno. Anthu analandira kale. Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchito zambiri zimene zikuikidwa pa intaneti zimakonzedwa ngati kuti aliyense ali ndi foni yaikulu, bandulo yosatha, Chingerezi cha ku sekondale ndi magetsi usana ndi usiku.

Ndimayamikira ZamPortal, tsamba la pa intaneti la ntchito za boma, chifukwa aliyense amene anaimapo pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka akudziwa phindu lake. Koma taonani zimene zimachitika kwathu kuno ku Chawama. Aneba anga, bambo wachikulire amene anagwira ntchito ya ulonda moyo wake wonse, anauzidwa pa ofesi ina kuti fomu yawo akailembe pa intaneti. Anapita pa kashopu kojambulitsa mapepala, analipira mnyamata wa pamenepo, nam'patsa NRC yawo, nambala ya foni, ndipo mnyamatayo ndiye anawapangira password n'kuilemba m'kope lake. Mzere wa ku ofesi unatha, inde, koma bamboyo tsopano amalipira munthu wachitatu, ndipo zinsinsi zawo zili m'kope la mlendo. Mawa akalandira uthenga wa akuba aja oti "tumizani ndalama zija pa nambala iyi", tidzawanena kuti ndi osachenjera?

Nanga bwanji ntchito zimenezi sizili m'zilankhulo zathu? Wailesi ya ZNBC imaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Ngati nkhani zimamveka m'zilankhulo zisanu ndi ziwirizi, fomu ya boma ingakanike bwanji? Tili ndi achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu, ena anaphunzirira pa BongoHive, malo othandiza achinyamata pa zamakono, imene inayamba mu 2011. Apatseni ntchitoyo.

Za magetsi sindichita kufotokoza zambiri, tonse tinaziona. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, panali nthawi imene magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Mabatire a nsanja za netiweki akatha, mtsikana wa mu buthi ankangokhala chete ndi makasitomala atazungulira, ndalama zili m'foni koma ndiwo osagulika. Kusukulu nakonso n'chimodzimodzi. Phunziro la makompyuta litalowa m'masukulu, mayeso oyamba a Giredi 9 mu 2015 anapitirira mpaka usiku m'malo ena chifukwa ana anali ambiri pa makompyuta ochepa. Mpaka lero mdzukulu wanga amajambula mouse m'kope, ndipo kuigwira amachita kulandizana ndi anzake kamodzi mwa apo ndi apo, magetsi akakhalapo.

Kuyambira mu Januwale 2024 boma limadulapo msonkho munthu akatumiza ndalama pa foni. Sindikukana msonkho. Koma amene akuulipira kwambiri ndi yemwe uja wa tomato, chifukwa amatumiza pang'onopang'ono tsiku lililonse, choncho ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamayo yam'bwezera chiyani.

Ndikupempha a Unduna wa Technology and Science pamodzi ndi a ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, kuti ntchito iliyonse ya boma imene ikuikidwa pa intaneti ikhalenso ndi njira yodina manambala pa kafoni ka mabatani, yosafuna bandulo, ndipo munthu azisankha chilankhulo chake. Makampani a mafoni akakamizidwe kuika sola pa nsanja za m'makomboni. Ndipo makhansala athu, pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, aganizireko chipinda chimodzi pa wadi, cha sola ndi makompyuta angapo, chokhala ndi wantchito wodziwika ndi boma, kumene okalamba angathandizidwe kulemba mafomu popanda kusiya NRC yawo pa kashopu ka m'mbali mwa msewu.

Ine wowerenga wanu,
Chawama, Lusaka